Mitundu Yolowererana pa Poster: Mafunso ndi Mayankho Okhudza Gradient

Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23 ngakhale ku Nsungwi ku Area 25, masiku ano simuyenda mtunda wautali osaona kashopu kolembedwa kuti amakonza makadi a ukwati, ma poster ndi ma banner. Anyamata ambiri a m'timashopu timeneti anayambira pa ntchito yowotcha nyimbo ndi mafilimu. Ena alibe ndi shopu yomwe, zonse amapangira pa foni. Makasitomala awo ndi a chinkhoswe, a kwaya yomwe ikukhazikitsa chimbale, mpingo womwe ukukonza msonkhano wachitsitsimutso, a bonanza ya mpira, komanso mabanja oferedwa omwe akufuna chithunzi cha malemu chifike pa WhatsApp kusanade. Pafupifupi pa ntchito zonsezi pamapezeka gradient, ndipo mafunso otsatirawa ndi omwe ongoyamba kumene amafunsa kawirikawiri.

Funso: Kodi gradient n'chiyani kwenikweni?

Yankho: Ndi pamene mtundu wina ukulowerera mu unzake pang'onopang'ono, popanda mzere woonetsa kuti uwu wathera apa, uwo wayambira apa. Imani ku Chinsapo madzulo a mwezi wa Okutobala, muyang'ane cha ku Dzalanyama dzuwa litangolowa. M'munsi mwenimweni mumakhala mofiira, mukakweza maso pang'ono mwa chikasu, kenako mwa kamtambo, mpaka mdima pamwamba pa mutu wanu, koma simungaloze ndi chala pomwe kufiira kwathera.

Kompyuta imachita zimenezi ndi masamu. Kadontho kalikonse ka pa sikirini kali ndi manambala atatu: la kufiira, la kubiriwira ndi la buluu, ndipo lililonse limayambira pa 0 kulekeza pa 255. Inu mumangoiuza mtundu woyambira ndi mtundu wothera, iyo n'kuwerengera yokha manambala onse a pakati. Musaiwale nambala ya 255 imeneyi, chifukwa mavuto ena omwe tikambe kutsogoloku gwero lake ndi lomweli.

Funso: Ndilibe Photoshop. Kodi ndiye kuti sindingathe?

Yankho: Mungathe. Photoshop, yomwe anaipanga Thomas Knoll ndi mbale wake John ndipo kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1990, ndiyo yotchuka, koma kuyambira mu 2013 imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno. Ambiri amathawira ku Photoshop yakuba yoyenda pa fulashi, yomwe nthawi zina imabwera ndi mavairasi n'kuwononga ntchito za makasitomala. Palibe chifukwa choika laputopu yanu pachiswe chotero. GIMP ndi yaulere, ndipo mukaiika sifunanso intaneti. Photopea, ya Ivan Kutskir, imatseguka pa intaneti pomwepo, maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri ndi Photoshop ndipo imatsegula mafayilo a PSD. Inkscape nayonso ndi yaulere, yabwino pa ma logo. M'mashopu ambiri osindikiza ma banner mudzapeza CorelDRAW, momwe gradient imatchedwa Fountain fill ndipo imatseguka mukadina F11. Pa foni pali PixelLab ndi Canva. Mapulogalamu onsewa amasiyana poika mabatani, koma nzeru yake ndi imodzi.

Funso: Nanga ndiyambire pati?

Yankho: Mu Photoshop, mu Photopea ndi mu GIMP, dinani G. Sankhani mitundu iwiri, ikani mausi pomwe mukufuna mtundu woyamba uyambire, kokani mpaka pomwe wachiwiri ukhazikike, n'kusiya. Mukakoka kamtunda kakafupi, mitundu imasinthana mwadzidzidzi. Mukakoka kuchokera pamwamba pa pepala mpaka m'munsi, imalowererana mofatsa. Mu Photoshop gwirani Shift pokoka kuti mzere uwongoke, mu GIMP gwirani Ctrl.

Chinthu chimodzi chokha ndikukupemphani: gradient iliyonse ikhale pa layer yakeyake, osati pa chithunzi cha kasitomala. Mawa lomwelo mayi wa mkwatibwi adzabwera kudzanena kuti komiti yasintha, nsalu ya ukwati siikhalanso ya pepo koma yobiriwira. Ngati gradient ili payokha, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ngati munaithira pa chithunzi, muyambiranso, ndipo mwina magetsi adzakhala atazima. Sungani fayilo yokhala ndi ma layer onse, kasitomala mumupatse ina.

Funso: Ndimaona Linear, Radial, Angle, Reflected ndi Diamond. Zonsezi n'zofunika?

Yankho: Ziwiri zoyambazo ndizo mudzadyere. Linear imayenda mowongoka, kuchoka mbali ina kupita ina. Radial imayambira pakati n'kumafalikira mozungulira, ndipo ndi yabwino kuika kumbuyo kwa mutu wa munthu, powala pakati, podera m'mbali, kuti diso la woona lithamangire pa nkhope. Reflected imathandiza mukafuna chinthu chioneke ngati chitsulo kapena paipi. Angle ndi Diamond mutha kukhala chaka chathunthu osazifuna.

Funso: Amachita bwanji kuti chithunzi cha munthu chizizimirira pang'onopang'ono m'munsi, osaoneka podulidwa?

Yankho: Apa ndiye pagona luso lenileni, ndipo ndi pomwe gradient imagwira ntchito yaikulu ngakhale woona sadziwa kuti ilipo. Ongoyamba amatenga chofufutira n'kumafufuta miyendo ya abusa kapena ya mkwati pang'onopang'ono. Zotsatira zake zimakhala zamabalamabala, ndipo chomwe mwafufuta chapita.

Njira yabwino ndi layer mask. Dinani layer ya chithunzicho, muikire mask. Lamulo la mask ndi lapafupi: pomwe mwapaka zakuda pamabisika, pomwe pali zoyera pamaoneka, ndipo pa zotuwa pamaoneka mwa apo ndi apo. Tsono dinani D kuti mitundu ibwerere pa wakuda ndi woyera, tengani gradient ya Linear, mukoke pa mask kuchokera m'munsi kupita m'mwamba, wakuda ukhale m'munsi. Thupi lizimirira bwinobwino kulowa mu mtundu wa kumbuyo. Mukalakwitsa, kokaninso, chithunzi chenichenicho sichinakhudzidwe. Ndi njira yomweyi yomwe mungalumikizire zithunzi ziwiri, monga kwaya kutsogolo ndi tchalitchi chawo kumbuyo, popanda msoko.

Chenjerani pomwe kuzimirirako kukuthera. Kuthere pa chifuwa kapena m'chiuno, kusafike pa khosi ndi pa chibwano. Izi n'zofunika kwambiri pa chithunzi cha maliro kapena cha mwambo wa chiliza. Nthawi zambiri abale amabweretsa chithunzi chakale, chojambulidwa pa ukwati wa wina, malemu ataima pakati pa anthu. Mask ndi yomwe imachotsa anthu enawo mwaulemu n'kusiya nkhope yomwe anamfedwa akufuna kuiona. Nkhope imeneyo isasinthidwe. Pali chizolowezi chothira gradient yoyera kapena ya chikasu pamwamba pa chithunzi chonse mpaka munthu wakuda bwino kusanduka wotuwa, achibale ake n'kumachita kufunsana ngati alidi iyeyo. Chizolowezi chimenechi n'choipa. Kuwala kuikidwe kumbuyo kwa munthu, khungu lake likhale mmene Mulungu analipangira.

Funso: Mawu anga sawerengeka ndikawaika pa chithunzi. Gradient ingathandize?

Yankho: Kwambiri. Ikani layer yatsopano pakati pa chithunzi ndi mawu. Sankhani gradient yochoka pa mtundu wakuda kupita poonekera, yomwe mu Photoshop imatchedwa Foreground to Transparent, mukoke kuchokera m'munsi kufika cha pakati. M'munsi muda, m'mwamba mukhala momwe munalili. Lembani tsiku, malo ndi nthawi ndi zilembo zoyera pamalo podapo. Ngati kwada mopitirira, tsitsani Opacity. Sikuti nthawi zonse ukhale wakuda. Mtundu wa buluu wakuda kapena wofiira wodera, wotengedwa pa zovala za m'chithunzimo, umakhala bwino koposa.

Kumbukirani amene adzawerenge. Poster ya msonkhano wa pa bwalo la Masintha idzawerengedwa ndi munthu ali pa kabaza, kapena ali pa windo la minibasi yopita ku Area 23, dzuwa lili phwee, pepalalo litachita fumbi. Ali ndi kamphindi kochepa koti adziwe kuti n'chiyani, n'kuti, ndi liti. Choncho musaike mawu pa gradient yomwe mbali ina ndi yowala kwambiri, mbali ina yakuda kwambiri. Zilembo zoyera zidzasowa kowalako, zakuda zidzasowa kwakudako, ndipo nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba yomwe anthu amayenera kutumizako chithandizo idzaoneka theka.

Funso: Ndinaika wofiira ndi wobiriwira, koma pakati panatuluka mtundu wonyansa ngati matope. Chinalakwika n'chiyani?

Yankho: Palibe chinalakwika pa kompyuta yanu, ndi masamu aja. Wofiira weniweni ndi 255, 0, 0. Wobiriwira weniweni ndi 0, 255, 0. Pakati pawo, mwa kuwerengera kwakale, pamatuluka 128, 128, 0, womwe ndi mtundu wothimbirira uja. Buluu ndi chikasu n'zoipa kuposa apa: pakati pawo pamatuluka 128, 128, 128, kutuwa kwenikweni. Mitundu yotalikirana imadutsa m'matope popita kukakumana.

Vutoli limaoneka kwambiri chaka chilichonse pa 6 Julaye, pomwe aliyense amafuna mitundu ya mbendera pa poster yake. Mbendera yathu, yomwe inakwezedwa koyamba mu 1964, n'kusinthidwa mu 2010, n'kubwezeretsedwanso mu 2012, ili ndi mizere itatu yosiyana bwinobwino: wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Siinapangidwe kuti isungunuke, ndipo ine ndimaona kuti ndi bwino kuisiya choncho. Ngati mukufunabe kuti wofiira ukafike ku wobiriwira, ikani mtundu wachitatu pakati. Mu Gradient Editor dinani kunsi kwa kabokosi kakatali koonetsa mitundu, pabwera kachizindikiro katsopano, mukapatse chikasu kapena wakuda. Photoshop ya kuyambira 2022 ilinso ndi posankha Method. Yesani Perceptual ndi Linear, muone kusiyana kwake ndi Classic, yomwe imatsatira kuwerengera kwakale kuja.

Koma njira yosavuta kuposa zonse ndi kusankha mitundu yoyandikana: wofiira kupita ku olenji, buluu kupita ku pepo, wobiriwira wakuda kupita ku wobiriwira wowala. Poster ya ochemerera Bullets ikhoza kuchoka pa kufiira kowala kupita pa kufiira kodera, ya Manoma kapena ya Silver Strikers n'kukhala m'mitundu ya buluu yokhayokha, ndipo palibe angadandaule.

Funso: Pa laputopu zinali zosalala, koma pa banner patuluka mizeremizere. Kodi osindikiza anandiwonongera?

Yankho: Musafulumire kukangana nawo. Nthawi zina vuto limakhaladi la makina, monga inki ikamatuluka modukiza. Mizere yake imakhala yopyapyala, yotsatana mofanana, ndipo imadutsa paliponse, pa nkhope ndi pa mawu pomwe. Koma ngati mizereyo ndi yotakata ndipo ili pa gradient pokha, inachokera mu fayilo yanu.

Taonani chifukwa chake. Tinene kuti mwasankha mtundu wotuwa wa nambala 40 kupita ku wotuwa wa nambala 60. Pakati pawo pali masitepe 20 okha. Pa foni masitepe 20 amapanikizana, diso silingawaone. Muwatambasule pa banner ya mamita awiri: sitepe iliyonse itenga masentimita 10, ndipo munthu woima patsogolo pake awerenga mizereyo ndi chala. Vutoli limakonda mitundu yakuda, makamaka buluu wakuda yemwe amakondedwa pa ma banner a mapemphero a usiku wonse.

Mankhwala ake alipo. Onetsetsani kuti pa Dither pali chizindikiro musanakoke gradient; Dither imasakaniza timadontho m'malire mwa masitepe kuti diso lisaone mzere. Ngati kompyuta yanu ili ndi mphamvu, yambani ntchito mu 16 Bits/Channel, momwe masitepe amakhala masauzande ambiri m'malo mwa 256. Ndipo pomaliza, thirani Noise pang'ono pa layer ya gradient: Filter, Noise, Add Noise, pa 1 kapena 2 peresenti, Monochromatic. Pa sikirini zioneka ngati mwaipitsa pang'ono, koma pa nsalu ya banner zidzatuluka zosalala. Ambiri amaopa sitepe imeneyi, chonsecho ndi yomwe imapulumutsa ntchito.

Funso: Nanga n'chifukwa chiyani poster imaonongeka ndikaitumiza pa WhatsApp?

Yankho: WhatsApp ndi Facebook zimapana chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo popanapo zimataya tinthu tomwe zikuganiza kuti diso silitiona. Malo osalala ngati gradient ndi omwe amayamba kuonetsa mabala, timabokosi ndi mizere. Wina akachijambula pa sikirini n'kuchitumizanso ku gulu la mpingo, kenako wina n'kuchitumiza ku gulu la ukwati, chimanka chiipiraipira.

Potumiza kwa osindikiza, tumizani ngati Document, ikhale PDF, PNG kapena JPEG yosapanidwa kwambiri, kapena pitani nayo pa fulashi. Musalole kuti asindikize chithunzi chomwe chatengedwa pa status. Ya pa status muikonzere payokha, ya 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, ndipo Noise pang'ono ija imathandizanso kuno.

Funso: Mitundu yomwe ndinaona pa sikirini si yomwe yatuluka pa pepala. Zimatheka bwanji?

Yankho: Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pogwiritsa ntchito wofiira, wobiriwira ndi buluu. Makina osindikizira amapanga mitundu ndi inki zinayi zomwe zimatchedwa CMYK. Pali mitundu ina yowala kwambiri, monga buluu wonyezimira, pepo wowala ndi wobiriwira wa ngati nyali, yomwe inki siingaifikire. Gradient yochoka pa buluu wowala kupita ku pinki, yofanana ndi ya chizindikiro chomwe Instagram inayamba kugwiritsa ntchito mu 2016, imakongola pa foni koma pa pepala imatuluka yofooka. Mu Photoshop dinani Ctrl ndi Y kuti muone chithunzithunzi cha mmene idzatulukire. Funsaninso osindikizawo ngati akufuna fayilo ya RGB kapena ya CMYK, chifukwa makina amasiyana. Makadi ndi timapepala tizikhala pa 300 dpi. Banner yaikulu, yomwe anthu amaionera patali, 100 mpaka 150 dpi imakwana.

Funsani kasitomala funso ili musanayambe n'komwe: kodi chinthuchi chikathera pati? Pulogalamu ya ukwati kapena ya maliro nthawi zambiri amasindikiza imodzi yokha ya mitundu, zotsalazo n'kukapanga fotokope. Fotokope siidziwa gradient. Imaisandutsa chimtambo chakuda chomwe chimameza mayina a nyimbo ndi a olankhula, n'kumalizanso inki ya mwini makina. Pa ntchito yotere siyani pepala loyera kumbuyo kwa mawu.

Pa malaya napo pali malire. Osindikiza ndi sefa amathira mtundu uliwonse paokha, ndiye gradient imayenera kusandutsidwa timadontho, zomwe si onse amazitha. Zilembo zodulidwa pa pulasitiki womata sizingakhale ndi gradient, ndipo makina opeta ndi ulusi, monga pa mabaji a yunifolomu ya sukulu, amafuna mitundu yoima payokha. Makina a DTF ndi a sublimation ndiwo amaitulutsa bwino.

Funso: Makasitomala ambiri amafuna zilembo zagolide. Zimapangidwa bwanji?

Yankho: Golide pa kompyuta ndi gradient basi. Dinani kawiri pa layer ya mawu, sankhani Gradient Overlay, muike mitundu motere kuchokera pamwamba: bulauni, chikasu chodera, chikasu chowala pafupifupi choyera, chikasu chodera, bulauni. Mu PixelLab muzipeza pa Color, n'kusankha Gradient. Zimaoneka bwino pa mtundu wakuda, pa buluu wakuda kapena pa wobiriwira wakuda. Pa pepala loyera zimafooka. Ikani golide pa mayina a akwati okha kapena pa mutu wa msonkhano. Tsiku, malo ndi nambala ya foni zikhale za mtundu umodzi wosalala, ndipo zilembo zing'onozing'ono musaziike gradient ngakhale pang'ono.

Funso: Kasitomala akuti ndiike mitundu yonse kuti poster iwale. Ndimukanire?

Yankho: Musamukanire mwamwano, ndalama ndi yake ndipo mwambo ndi wake. Anthu athu amakonda mitundu, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Onani zitenje za pa chinkhoswe. Chomwe mayi kapena bambo ameneyo akufuna n'chakuti anthu aione poster yake pakati pa zina khumi zomwe zamatidwa pa mpanda womwewo. Mukonzereni ziwiri, ina mmene wanenera, ina ya mitundu iwiri yoyandikana ndi mawu owerengeka. Zisindikizeni pa A4, muzimate pa khoma panja, mubwerere naye m'mbuyo mapazi khumi, mumufunse kuti, "Mayi, pamenepa tsiku mukuliona pa iti?" Kawirikawiri asankha yekha.

Pitaninso mukaone akuluakulu olemba zikwangwani ndi penti, omwe analemba makoma a masaluni, mabutchala ndi magolosale a ku Mchesi, ku Chilinde ndi ku Mgona kompyuta zisanafike m'makomo. Iwo amasakaniza mitundu iwiri ndi bulashi penti isanaume, chikasu m'munsi mwa chilembo, kufiira pamwamba, n'kuzungulira chilembocho ndi mzere wakuda kuti chiwerengeke patali. Penti ndi yodula, ndiye sathira mtundu popanda chifukwa. Wachinyamata wa pa laputopu ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa iwo.

Funso: Nanga pa logo ya bizinesi?

Yankho: Yambani ndi ya mtundu umodzi, wakuda pa pepala loyera. Logo ya sukulu ya mkaka kapena ya gulu la banki m'khonde idzafunika pa chidindo, pa lisiti, pa baji ndi pa khoma, ndipo malo onsewa gradient siifikako. Ikaoneka bwino yakuda, mutha kupanga ina ya gradient ya pa Facebook ndi pa banner. Kasitomala mumupatse zonse ziwiri.

Funso: Ndi chiyani chomwe ndisaiwale ndisanapereke ntchito?

Yankho: Yesani kaye. Dzitumizireni poster pa WhatsApp, muitsegule pa foni yotchipa, osati yanu yabwinoyo, mutuluke nayo panja masana. Ngati ndi banner, pemphani osindikiza akutulutsireni kachidutswa kakang'ono ka pomwe pali gradient ndi nkhope musanalipire yonse. Kachidutswa kameneko mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi banner ya mamita atatu yomwe komiti ya ukwati yaikana Lachisanu madzulo. Ndipo musanatseke laputopu, werenganinso dzina la munthu, tsiku ndi nambala ya foni, chilembo ndi chilembo.